Khoma lakumbuyo linalibe lamba: lipoti la ntchito yotseka mpweya pa ma joist a nyumba ya matabwa ku Perthshire

Nyumbayi ndi yosanja, ili pamudzi wina wa ku Perthshire m'dziko la Scotland. M'kati mwake ndi mamita 10 m'litali ndi mamita 7 m'lifupi. Makoma ake anabwera pa lole opangiratu ku fakitale, monga zimakhalira ndi nyumba zambiri zatsopano kuno: nsichi za matabwa a mamilimita 140 kwa 38, zotalikirana mamilimita 600, kunja kwake atakhomako OSB (board ya tizidutswa ta matabwa tomatidwa pamodzi) ya mamilimita 9. Gulu lina la akalipentala ndilo linaimika makomawo, kuyala ma joist (mitanda yogona imene imasenza nsanjika ya m'mwamba) ndi kukweza denga. Ine anandilemba ntchito imodzi yokha, yotseka mpweya. Ndiye kuti kuyala membrane, nsalu yosadutsa mpweya, m'kati mwa makoma ndi kudenga, kumata tepi paliponse pamene zinthu ziwiri zakumana, ndi kuonetsetsa kuti tsiku loyeza nyumbayo ikhoze.

Eni nyumba analemba mu kontilakiti kuti akufuna 0.6, kutanthauza kuti poyeza, mpweya wolowa m'mipata pa ola usapose magawo 6 pa 10 a mpweya wonse wa m'nyumba. Umenewu ndi muyezo wa Passivhaus, kamangidwe kamene kanayambira ku Darmstadt m'dziko la Germany, kumene nyumba yoyamba yamtunduwu inamangidwa mu 1991. Satifiketi sankaifuna. Ankafuna nambala yokhayo, chifukwa anali atagula makina a MVHR, amene amatulutsa mpweya woipa n'kulowetsa wabwino atautenthetsa ndi kutentha kwa wotulukawo. Makina amenewa m'nyumba yamipata amangodya magetsi, mphepo ikudzilowera yokha kumbali.

Poyeza, amatseka mawindo onse, pakhomo n'kuikapo fani yaikulu m'felemu ya nsalu. Faniyo imakoka mpweya wa m'nyumba mpaka kusiyana kwa mphamvu ya mpweya wa kunja ndi wa m'kati kufike ma pascal 50, zomwe n'zofanana ndi mphepo yothamanga makilomita pafupifupi 33 pa ola ikukankha makoma onse nthawi imodzi. Mpweya umene faniyo ikutulutsa kuti mphamvuyo isatsike ndi womwewo umene ukulowa m'mipata. Nyumba yathuyi imasunga mpweya wokwana pafupifupi 340 m³, choncho 0.6 ikutanthauza kuti wololedwa kulowa pa ola ndi 204 m³ basi. Ku England, kuyambira June 2022, malire a lamulo ndi 8 m³ pa ola pa sikweya mita iliyonse ya makoma, denga ndi pansi. Mukawerengera nyumba iyi mwanjira yomweyo, 0.6 ikugwera pa 0.65. Tinkafunika kupanikiza kuposa lamulo limenelo maulendo 12.

Akalipentala nambala zimenezi siziwalowa, ndiye ndimawauza chonchi. Mipata yonse ya nyumba yonse, mukaisonkhanitsa pamodzi, isapose bowo la masentimita 10 kwa 10. Tsono tengani mng'alu wa milimita imodzi yokha, uzungulire nyumba pamene pagona ma joist, mamita 34. Umenewo ndi masikweya sentimita 340, kuposa katatu malire aja. Zoona, mng'alu wopyapyala sudutsa mpweya momasuka ngati bowo limodzi lalikulu, komabe mwaona kumene nkhaniyi ikupita.

Kwa amene mukuwerenga muli kumudzi, ndikudziwa kuti zikumveka zachilendo. Kwathu timasiya dala ma air vent m'makoma ndi mpata pansi pa malata, ndipo ndi bwino kutero. Nyumba yotsekeratu chonchi imafuna makina opumira, ndipo mbaula ya makala m'nyumba yotere ndi imfa. Kuno vuto ndi lina, ndi miyezi yambiri yozizira imene kutentha kulikonse kwa m'nyumba kumakhala kolipira.

Pamene membrane imadukira

Kamangidwe kofala kuno ndi kosanjikiza. Amaimika makoma apansi, pamwamba pake n'kugoneka thabwa lowalumikiza lomwe timati head binder. Ma joist amagona pa thabwa limenelo, nsonga zake zitatsekedwa kunja ndi thabwa loimirira, rim board. Pamwamba pa ma joist amayala chipboard ya mamilimita 22, kenako thabwa lina logona, sole plate, ndipo makoma a m'mwamba amaima pamenepo. N'kosavuta, n'kofulumira, ndipo akalipentala amapeza poponda pomanga nsanjika yachiwiri.

Koma membrane imayenda m'kati mwa khoma. Ikakwera khoma lapansi imakagunda ma joist, osapitirira. Kumwamba imayambanso pa chipboard. Pakati pake patsala mpata wotalika ngati joist, pa nyumba iyi mamilimita 245, wozungulira nyumba yonse, umene palibe chautseka. Mphepo imalowa pakati pa head binder ndi rim board, pakati pa rim board ndi chipboard, ndi pamene matabwa akumana mutu ndi mutu. Ikalowa imayenda m'mphako yonse ya pakati pa siling'i ndi chipboard, n'kukatulukira pa magetsi a kudenga kapena pansi pa bafa, kutali ndi kumene yalowera. Ndi chifukwa chake mwini nyumba amadandaula kuti m'chipinda cham'mwamba pansi pamazizira, pomwe mawindo ndi abwinobwino.

Kuzizira ndi vuto laling'ono. Lalikulu ndi pamene mpweya ukuyenda chotuluka. Mpweya wa m'nyumba wa madigiri 20, wa chinyezi cha 50 peresenti, umayamba kugwetsa mame ukakhudza chinthu cha madigiri pafupifupi 9. Rim board ya nyumba ya ku Perthshire mu January imazizira kuposa pamenepo usiku wambiri. Thabwa likakhala ndi chinyezi choposa 20 peresenti kwa nthawi yaitali limayamba kuwola, ndipo malo ake ndi amene asenza nsanjika yonse ya m'mwamba ndi denga lomwe.

Mankhwala ake analembedwa kale pa pulani ya nyumbayi, ndipo ndi otchipa. Ndi lamba wa membrane, amene amayalidwa pa head binder ma joist asanagone. Mchira wake umodzi, wa mamilimita 150, umalendewera m'kati mwa khoma lapansi. Mbali yotsalayo imalendewera kunja. Ma joist akagona, rim board ikaima, chipboard ikakhomedwa, amatenga mbali yakunja ija n'kuikweza kukuta rim board, n'kuigoneka pa chipboard kulowa m'kati, sole plate n'kuipsinja. Mchira wachiwiri umatsalira m'chipinda cham'mwamba. Ine ndikabwera ndimangomata membrane yapansi ku mchira wapansi, yam'mwamba ku mchira wam'mwamba, ndipo ma joist onse amakhala m'kati mwa chotchinga, osabowola kalikonse. M'lifupi mwake mumaphatikiza 140 ya head binder, 245 ya rim board, 22 ya chipboard, 140 ya sole plate ndi michira iwiri ya 150, zimene zikukwana 847. Timadula mita yathunthu kuti pakhale polekerera. Mpukutu umodzi wa mamita 50 ukwanira nyumba yonse.

Lamba ameneyu asakhale wa pulasitiki wamba. Amadutsa kunja kwa rim board, kumbali yozizira, ndiye akakhala wotchinga nthunzi amasunga madzi pa thabwa lomwe mukufuna kuliteteza lija. Pamafunika membrane yotseka mpweya koma yolola nthunzi kudutsa. Pa pulani ya nyumbayi panalinso ma board a wood fibre, osunga kutentha, okutira kunja konse, amene amathandiza kuti rim board isazizire kwambiri.

Zimene ndinapeza

Nditayendera nyumbayo denga litatha, mchira wapansi unkaoneka pa makoma atatu: lakutsogolo ndi awiri a m'mbali. Khoma lakumbuyo, la mamita 10, linalibe kalikonse. Panangotsala timasitepulo pa head binder ndi tizidutswa ta membrane tong'ambika.

Akapitawo a gulu loimika nyumba sanabise. Anati fakitale inalemba mizere ya pensulo pa head binder yosonyeza pogona joist iliyonse, ndipo lamba atamuyala anaphimba mizereyo. Kutsogolo anapirira, n'kumakweza lambayo kusuzumira. Pofika kumbuyo mvula inali itayamba, mphepo ikukupiza lambayo m'maso mwa anthu, kireni ikudikira ndipo imalipidwa pa ola. Mmodzi anangomukoka n'kumutaya pansi, poganiza kuti wa tepi adzakonza m'kati. Sindinawakalipire. Anthu amenewa amalipidwa nyumba ikaima, ndipo palibe amene anawafotokozera kuti kansalu kameneka n'kachiyani. Kwa iwo kanali ngati zokutira katundu.

Nayi ntchito imene anandisiyira. Ma joist atalikirana mamilimita 400, choncho pa khoma la mamita 10 pali nsonga 26. Ndipo si matabwa wamba amakona anayi. Ndi ma I-joist, amtundu umene James Jones & Sons amapanga ku Forres ndipo makampani enanso amapanga: thabwa pamwamba, thabwa pansi, pakati OSB yopyapyala. Kuzungulira joist imodzi yotere ndi tepi ndi makona 12. Nsonga 26 ndi makona 312, kona iliyonse yofuna kupinda tepi ndi zala uli pa makwerero, khosi lili chagada. Ndinathokozako kuti sanali ma joist aja a zitsulo zopingasa pakati, monga Posi-Joist, chifukwa amenewo kuwazungulira ndi tepi n'kungotaya nthawi. Mpweya umadutsa m'kati mwa joist momwemo.

Tinakambirana njira yokonzera kunja. Wood fibre inali isanaikidwe, sikafodi inalipo, ndipo pali ma membrane odzimata okha, monga Wraptite ya A. Proctor Group a ku Blairgowrie konkuno ku Perthshire, amene akanakuta rim board bwinobwino. Chovuta chinali kulumikiza chotchinga chakunjacho ndi cham'kati. Panafunika kudalira kuti head binder ndi sole plate zenizenizo zitseke mpweya, pomwe zili ndi malo olumikizira amene sitikanawafikira popanda kuzula OSB yokhomedwa motsatira chiwerengero cha misomali cha injiniya. Injiniyayo anakana, ndipo ndinagwirizana nawo. Tinasankha kukonzera m'kati.

Kakonzedwe kake

Choyamba chinali kusandutsa I-joist iliyonse kuti ikhale yamakona anayi. Tinadula timatabwa todzaza mphako za mbali zonse ziwiri za OSB yapakati ija, kuti tilingane ndi thabwa lapamwamba ndi lapansi. Kathabwa kotere kukangokakhoma sikathandiza, chifukwa mpweya umadutsa kuseri kwake. Kalikonse tinkakapaka guluu wotseka mpweya, Orcon F wa Pro Clima, mzere wosaduka kuzungulira konse, n'kukakanikiza mpaka guluuyo atatumphuka m'mbali. Makona 12 anatsika kufika pa 4.

Kenako tinadzaza insulation, yosunga kutentha, pakati pa ma joist, kuigunditsa ku rim board, n'kukhoma timitanda tating'ono togwirira. Pa timitandato tinakhomapo zidutswa za board, chimodzi pa mpata uliwonse, mipata 25. Apa mpofunika kusamala ndi OSB. Ambiri amaganiza kuti OSB iliyonse imatseka mpweya, koma OSB3 wamba imasiyanasiyana, ina imadutsa mpweya pathupi pake penipeni ukaiyika pa ma pascal 50. Tinagwiritsa ntchito board ya Smartply ya ku Waterford m'dziko la Ireland, yopangidwira ntchito imeneyi, yokutidwa mbali imodzi. Pa pepala mpata uliwonse ndi mamilimita 353, ndiye kuti 400 kuchotsapo 47 ya thabwa la joist. Pa khoma penipeni panalibe iwiri yofanana. Tinkayeza umodziumodzi, n'kulemba nambala pa chidutswa ndi pa joist.

Tepi inabwera pambuyo. M'munsi chidutswa chimamatidwa ku membrane ya khoma, m'mbali ku joist, pamwamba ku mimba ya chipboard. Ya m'makona timagwiritsa ntchito tepi imene pepala lake lakumbuyo ndi logawika pawiri: umasenda theka, kumata mbali imodzi, kulowetsa tepiyo mpaka m'kona ndi kapulasitiki kokanikizira, kenako n'kusenda theka linalo. Ukasenda lonse nthawi imodzi tepiyo imadumpha kona n'kusiya kamphako kumbuyo, kooneka bwino ndi maso koma kodutsa mphepo kuchokera uku mpaka uko. Fumbi la macheka ndi mdani wina. Chipboard inali itavumbwa masabata angapo denga lisanatseke, ndiye tinadikira kuti iume, n'kuipukuta, n'kuipaka primer, mankhwala othandiza tepi kugwira, tisanamate. Tepi zimenezi zimagwira chifukwa chokanikizidwa. Kungoisisita ndi dzanja imaoneka ngati yagwira, koma mawa lake umaipeza yayamba kuyasama.

Pamene makona atatu akumana, tepi ngakhale uipinde mwaluso bwanji pamatsala kabowo ngati ka singano. Pamenepo tinapaka membrane yamadzi ndi bulashi, kawiri, kudikira yoyamba iume. Ena akanangopopera thovu lija la m'chitini m'mipata yonse n'kumapita kwawo dzuwa likanali. Ine thovu ndi silikoni sindizilola pa ntchito iyi. Tsiku loyeza zimakhoza, koma thabwa likayamba kuuma zimalekana nalo. Thabwa wamba limafika pa saiti ndi chinyezi cha pafupifupi 20 peresenti, ndipo m'nyumba yotenthetsedwa limatsika mpaka 10 kapena 12. Limafota chopingasa pafupifupi 1 peresenti pa 4 peresenti iliyonse ya chinyezi chimene lataya, kotero joist wamba ya mamilimita 220 ikhoza kufupika ndi mamilimita 4 kapena 5. Ma I-joist amafika ouma ndipo safota chomwecho, koma head binder ndi sole plate ndi matabwa wamba, amayenda ndithu. Pachifukwa chomwecho membrane pa malo amenewa sitiikoka kuti ithine, timaisiyira kakhwinya.

Njira yam'katiyi ili ndi chinthu china chimene anthu ambiri sachiona. Membrane yapansi yathera kunsi kwa chipboard, yam'mwamba yayambira pamwamba pake, ndiye kuti chipboard yeniyeniyo yasanduka mbali ya chotchinga. Ma sheet ake ndi a mamilimita 2400 kwa 600, olowetsana m'mphepete. Mphepete zazitali zimayenda motsatira khoma lakumbuyo, zilibe vuto. Zazifupi zimagona pamwamba pa joist n'kulunjika kukhoma, kudutsa pansi pa tepi yanga, pansi pa sole plate, mpaka kunja. Ngati guluu wa akalipentala sanadzaze ngalande yolowetsanayo, kamenako ndi kapaipi kochokera panja. Kunsi sungakaone chifukwa joist yaphimba. Tinabowola kabowo kakang'ono pa mzere uliwonse wotere, pamene tepi idzadutse, kufika pa ngalandeyo, n'kupoperamo guluu mpaka atabwerera, kenako n'kumata tepi pamwamba.

Makona awiri a nyumba, pamene lamba wa makoma a m'mbali anathera, ndi amene anavuta koposa. Kumeneko chotchinga chili kunja kwa rim board mbali imodzi, ndipo chili m'kati mbali inayo, ziwirizi n'zofunika kukumana. Joist yomalizira inagona mamilimita ochepa kuchoka ku khoma la m'mbali, dzanja losalowa. Tinagwiritsa ntchito bulashi yomangirira ku kamtengo ndi kagalasi kounikira.

Kuyeza

Ndimaumirira kuti kuyeza koyamba kuchitike plasterboard (ma board otseka makoma ndi siling'i m'kati) isanakhomedwe, mawindo ndi zitseko zitalowa, membrane yonse ili poyera. Kuyeza nyumba itapakidwa kale penti kumangokuuza kuti walephera, osakupatsa pogwira.

Fani itayamba kukoka, membrane yonse inafufuma kulowa m'kati, masitepulo akulira. Kufufuza kwake n'chimodzimodzi ndi kusaka pamene chubu cha njinga chabooka, kungoti m'malo mwa beseni la madzi timagwiritsa ntchito kautsi ndi kuseri kwa dzanja konyowetsa. Nambala yoyamba inali pamwamba pa 0.6, osati patali kwambiri, ndipo woyezayo anasiya fani ikuyenda kuti tizikonza tikuona nambala ikutsika.

Makoma atatu a lamba anali chete pafupifupi ponse. Tinapezapo malo awiri okha. Ena anali m'chipinda cham'mwamba chakutsogolo, pamene mchira wa lamba unagona pa chipboard masabata onse aja anthu akuupondaponda ndi majombo, ndipo wina anakokerapo panelo n'kuung'amba mpaka pansi pa sole plate. Enawo anali pamene chitsulo chosenza ma joist pamwamba pa khitchini chimalowa m'khoma. Nsonga yake yakuthwa inabowola lamba. Misomali yambirimbiri yodutsa lambayo polowa mu head binder sinadutse mpweya ngakhale pang'ono, chifukwa matabwa awiri amupsinja pamenepo. Msomali woopsa ndi umene unaphonya n'kuzulidwa, umasiya bowo lopanda chotseka.

Khoma lakumbuyo, limene linadya ntchito yambiri kuposa membrane yonse ya nsanjika yapansi, ndi limene linalinso ndi mipata yambiri. Makona awiri aja onse ankapuma. Mzere umodzi wa chipboard unkatulutsa kamphepo kozizira mita yathunthu kuchoka kukhoma, pakati pa chipinda, kusonyeza kuti guluu wathu sanafike pansi pa ngalande. Tinabowolanso n'kupopera kachiwiri. Ndipo ma joist awiri ogundizana pambali pa masitepe ankadutsa mpweya pakati pawo. Ma joist awiri akakhomedwa pamodzi, tepi yozungulira kunja kwake siletsa mpweya woyenda pakatipo. Tinachita kupoperamo guluu kuchokera pansi ndi kumata mzere wonsewo. Tikuweruka, nambala inali itatsika pansi pa 0.6 ndi mpata wokwanira.

Mpatawo umafunika, chifukwa pambuyo pa ine pamabwera a mapaipi ndi a magetsi. M'kati mwa membrane tinakhoma timitanda ta mamilimita 38 kuti mawaya ndi mapaipi aziyenda pakati pa membrane ndi plasterboard osabowola kanthu. Chilichonse chotuluka kunja chinali ndi lamulo limodzi: bowo limodzi, waya mmodzi, ndi grommet yake ya labala. Mawaya atatu m'bowo limodzi satsekeka, pakati pawo pamatsala mpata. Ngakhale zinali choncho, pa kuyeza kwachiwiri nambala inakwerako. Wa magetsi, pofuna kutulutsa waya wa getsi la pakhonde, anaona kuti njira yachidule ndi ya m'mphako ya ma joist, n'kubowola rim board yakutsogolo ndi lamba yemwe. Iye sanaone membrane iliyonse, poti lambayo ali kuseri kwa thabwa. Ichi ndi chofooka chenicheni cha njira ya lamba: ndi wobisika, ndiye munthu amamuvulaza osadziwa. Mwayi wake siling'i inali isanatsekedwe pamenepo.

Kuyeza komaliza kunachitika nyumba itatha, kokoka ndi kokankha, n'kutenga nambala ya pakati monga Passivhaus imafunira. Inakhoza.

Maganizo anga pa khoma limenelo

Ndinawauza eni nyumba mosabisa kuti makoma anayiwa akhoza mofanana lero, koma sadzakalamba mofanana. Atatu ali ndi nsalu imodzi yosaduka, yopsinjidwa ndi kulemera kwa nyumba. Lachinayi lili ndi zidutswa 25, timatabwa todzazira tokwana pafupifupi 50, ndi tepi yomata pa zinthu zimene zizifota ndi kufufuma chaka ndi chaka. Zipangizo zake ndi zabwino, ndipo ndikukhulupirira kuti zigwira. Komabe ngati nambala idzakwere m'tsogolo, poyambira kufufuza ndi pamenepo.

Akanandifunsa pulani isanajambulidwe, ndikanasankha njira ina, yopachika ma joist m'kati mwa khoma. Membrane imakwera khoma osaduka, pamwamba pake n'kumangapo thabwa lochindikala lopingasa, ledger, ndipo ma joist amakhala m'zitsulo zopachikira zokhomedwa ku thabwalo. Chobowola membrane ndi ma screw okha, nawonso opsinjidwa. Palibe cholendewera panja kuti mphepo ichikupize, ndipo wa magetsi amaiona membrane ndi maso. Mtengo wake ulipo: injiniya ayenera kuwerengera kuti katundu yense wa nsanjika akudutsa m'ma screw amenewo, zitsulo zopachikira ndi ndalama, ndipo mafakitale ambiri anazolowera kusanjikiza, ukawapempha zina amakweza mtengo. Pa nyumba ya ma joist a zitsulo zopingasa ndingaumirire ndithu njira imeneyi kapena lamba, chifukwa yachitatu yokonzera pambuyo kulibe. Pa nyumba wamba lamba ndi wokwanira, bola aikidwe.

Kontilakitala wa nyumbayi ali ndi nyumba ina yofanana nayo imene iyambe posachedwa, ndipo tagwirizana zosintha zingapo. Lamba ndidzayala ndine, m'mawa wa tsiku la ma joist, akalipentala asanakwere. Mizere ya pensulo ndidzaikopera pamwamba pa lambayo ndi cholembera chosafufutika. Mbali yolendewera kunja idzapindidwa n'kugwiridwa ndi kathabwa kuti isakupize, ndipo mchira wa pa chipboard udzakwezedwa n'kukhomeredwa ku khoma tsiku lomwelo makoma a m'mwamba akaima. Nsonga ya chitsulo idzakutidwa ndi tepi yochindikala isanalowe. Pamene khoma la m'kati likugunda khoma lakunja padzayambanso paikidwa kalamba koimirira, pa chifukwa chomwechi. Sole plate siidzagona mpaka makoma onse anayi atajambulidwa zithunzi, ndipo ola limenelo lalembedwa mu mtengo wa gulu loimika nyumba, kuti asaone ngati akugwira yaulere.

Eni nyumba ya ku Perthshire ndinawasiyira faelo ya zithunzi za mpata uliwonse wa khoma lakumbuyo, ndi nambala zake, plasterboard isanatseke. Ndinalembamonso kuti aliyense wodzabowola khoma lakunja pakati pa siling'i yapansi ndi chipboard, kaya wa intaneti kaya wa paipi ya panja, ayambe waona zithunzizo, ndipo ndinasiya ma grommet anayi ndi mpukutu wa tepi m'kabati ya makina a MVHR. Avomera kuti nyumbayo idzayezedwenso ikatha nyengo ziwiri zozizira, matabwa atauma.